Mwalandira ndalama ya katundu, musatiuze kuti ndi ngozi

Pali bodza limene timalimeza tonse kuno kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira pa Mpingu kukafika ku Namitete, kukhotera ku Nsaru ndi Kabudula mpaka ku Nambuma. Bodzalo ndi lakuti chida choimbira chikafera pamsewu, palibe wachipha. Ena amati ndi ngozi, ena amati ndi msewu, ndipo amene pakamwa pawo sipachoka dzina la Satana amati mdyerekezi sakufuna kuti kwaya itamande Mulungu. Ine ndikukana. Ampu imene yafika yosayaka ili ndi munthu amene anaiponya. Sipika imene yafika yobooka ili ndi munthu amene anaikhalira kapena kuisanjikiza thumba la feteleza. Munthuyo ali ndi dzina, ali ndi nambala ya galimoto, ndipo ndalama ya katundu analandira.

Tiyambe takumbutsana mmene zida zimenezi zimagulidwira. Kwaya ya kumudzi sigula kiyibodi ndi ndalama ya m'thumba mwa munthu mmodzi. Amayi a Chigwirizano amasonkha ndowa za mtedza ndi soya. Miphakati imagawana mitengo. Achinyamata amakagwira ganyu yopalira kapena yosoka fodya, ndalama n'kupita m'thumba la kwaya. Kumakhala pepa sande, makalata n'kupita kwa ana a m'mudzi amene ali m'tauni kapena ku Joni. Chaka chimatha, china n'kutha. Pamene akusonkha choncho kwacha nayo siikuwadikira: inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kiyibodi ya Yamaha kapena Casio, mikisa, ampu, maikolofoni, zonsezi n'zochokera kunja, ndiye mtengo umathawa osonkha akuuona. Mnyamata wa disko amene amaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe naye amakhala kuti wagulitsa fodya wa chaka chonse, mwina ndi ng'ombe ya malume ake pamwamba, kuti apeze zokuzira mawu.

Ndiye thukuta lonseli limathera m'manja mwa kondakitala amene ali pachangu choti adzaze minibasi mnzake asanamulande anthu.

Zida zina zimagulidwa m'masitolo a ku Malangalanga, zina zimatumizidwa ndi abale kuchokera ku Johannesburg. Za ku Joni zimayenda masiku, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kulowa m'dziko muno pa Dedza kapena pa Mwanza, zitapanikizidwa m'ngolo ya basi kapena ya thiransipota pamodzi ndi mafiliji, zigubu za mafuta ophikira ndi zitini za penti. Pachipata zimatsitsidwa kuti a msonkho aone, n'kukwezedwanso mwaliwiro, nthawi zina usiku. Koma ndinene zoona, ine ulendo wautaliwo sundiopsa kwambiri ngati kachigawo kotsiriza, kochoka mu depoti ya Lilongwe kudzafika kumudzi. Msewu wa M12 wopita ku Mchinji ndi watala, inde. Koma matchalitchi athu ambiri sali m'mbali mwa tala. Ukatsika pa Mpingu, pa Msundwe kapena pa Namitete, chotsala ndi matola, njinga yamoto kapena ngolo ya ng'ombe, m'misewu yamabampu imene m'chilimwe ndi fumbi lokhalokha, m'dzinja ndi matope. Ndaonapo sipika yaikulu itamangidwa ndi mphira kumbuyo kwa njinga yamoto, nkhope yake itayang'ana kumwamba, mvula ikuwaza. Mwini wake anali pa njinga ina kumbuyo, manja ali m'mutu.

Onyamula ambiri amaganiza kuti chinthu cholemera ndiye cholimba. Pa zida zoimbira zili mosemphana. Chimene chimalemeretsa ampu ndi thiransifoma yachitsulo yomwe ili mkati, yomangidwa ndi mabawuti pafupi ndi timabolodi topyapyala. Mukaiponya pansi, bokosi lakunja likhoza kuoneka labwinobwino, koma kulemera kwa thiransifomayo kumakoka mabawuti, bolodi n'kuchita mng'alu wosaoneka ndi maso. Kugwedezeka kwa maola awiri pa msewu wadothi kumasula mtovu umene unalumikiza tizipangizo. N'chifukwa chake ampu imayaka Loweruka poyeserera, n'kuzima Lamulungu pakati pa nyimbo ya chopereka. Sipika ili ndi maginito wolemera kumbuyo kwake, ndipo pakati pa maginitoyo pamayenda koyilo m'kampata kochepa kwambiri. Ikagwa, maginito amasuntha pang'ono chabe, koyilo n'kuyamba kukhula, mawu n'kumatuluka okanda mpaka koyilo itapsa. Gitala imakhala itakokedwa kale ndi nsambo zake. Ikamenyeka kumutu kapena ikakhala padzuwa la Okutobala pamwamba pa lole, guluu amafewa, khosi n'kupindika kapena kuthyoka. Kiyibodi ndiye sifuna n'komwe kulongosola. Munthu mmodzi akaitsamira ndi chigongono kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Nsaru, makiyi atatu apita, fumbi n'kumaliza otsalawo.

Kuwonongeka kotere sikuonekera pa siteji ya basi. Katoni imatsika yathunthu, kondakitala n'kumenya chitseko, galimoto n'kupita. Mavuto amadziwika kunyumba, ndipo apo ndiye pamayambira mpira. Mukabwerera kusitolo, mwini sitolo amati: “Pano chinachoka chikulira, mwakachiwononga panjira.” Mukamupeza dalaivala, amati: “Madala, munagula chakufa kale, ine ndinangonyamula.” Mukalimbikira, kondakitala amatulutsa mawu awo otchuka aja: “Akuluakulu, katundu amayang'anira ndi mwini wake.”

Amayang'anira ndi mwini wake? Nanga ndalama ija munalandira inali ya chiyani? Pokwera paja si inu munati, “Bwana, sipikayi ilipira mipando iwiri”? Tinalipira. Mipando iwiriyo munakhazikapo anthu ena n'kulandiranso ndalama, sipika n'kuikankhira kubuti, chitseko chosatsekeka n'kuchimanga ndi chingwe, pamwamba pake n'kuikapo matumba. Polandira ndalama katundu ndi wanu, posweka katundu ndi wanga. Kumeneku si kuchita bizinesi, n'kuba kochita masana anthu akuona.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anthu a dera lino timadziwa bwino kutumiza katundu mwadongosolo. Tayang'anani belo ya fodya. Isanachoke ku Kabudula kupita ku okushoni ku Kanengo imayezedwa pa sikelo, imasokedwa bwino m'chiguduli, imalembedwa nambala ya mlimi, imalowa m'buku la kalabu, ndipo wonyamula amasainira chiwerengero cha mabelo amene wakweza. Lole imafundidwa tenti. Belo imodzi ikasowa kapena ikanyowa, kalabu yonse imadzuka, thiransipota sagona tulo. Palibe mlimi amene amati, “Zachitika, tingopemphera.” Koma mlimi yemweyo akavala jekete Lamulungu n'kukhala msungichuma wa kwaya, amapereka zida za ndalama zoposa mabelo angapo kwa munthu amene sakumudziwa dzina, popanda ngakhale kapepala. Nzeru zija amazisiya kuchigafa.

Apa tsopano ndatembenukira kwa inu a makomiti, chifukwa nanunso simuli oyera. Mumakangana miyezi itatu kuti mugule kiyibodi yanji, koma ya mayendedwe simuikamo mu bajeti. Ikafika nthawi yonyamula mumati, “Tingopeza yotchipa.” Mumalolera kuika mamiliyoni pangozi pofuna kupulumutsa ndalama yochepa yochita hayala galimoto yotseka. Makatoni ndi zoyera zofewa zimene zimabwera ndi zida zija mumapatsa ana kuti aseweretse tsiku loyamba lomwelo. Kuyambira pamenepo kiyibodi imayenda yokulungidwa m'chitenje, kupita ku chitsitsimutso, ku maliro, ku phwando la makwaya, pa lole imodzi ndi oimba makumi anayi amene akuvina galimoto ikuyenda. Pakutha pa chaka mumaimirira kutsogolo osachita manyazi, n'kulengeza pepa sande ina “yokonzetsera zida”. Agogo omwe aja asonkhenso.

Komanso tisamanamizire msewu pa chilichonse. Magetsi a m'dziko muno ndi a mavoti 230. Zida zina zomwe abale kapena mipingo ya ku America imatumiza zinapangidwira mavoti 110 kapena 120. Wina amangosintha pulagi n'kulowetsa pakhoma, utsi kuti tolo, mawa lake nkhani n'kumveka kuti zinawonongeka m'sitima. Jenereta yopanda chowongolera mphamvu nayo yapha maampu ambiri. Safunsa anadya phula. Koma zimenezi sizichotsa mlandu pa wonyamula amene anaponya katundu wamoyo.

Kodi bokosi ndi chinthu chovuta? Pa Namitete pali sukulu ya ntchito zamanja imene yakhala ikuphunzitsa akalipentala kwa zaka zambiri, ndipo pa msika uliwonse, pa Nsaru, pa Kabudula, pa Nambuma, pali mmisiri wa matabwa amene akudandaula kuti ntchito kulibe. Bokosi la pulayiwudi lokhala ndi zogwirira ziwiri, ngodya zachitsulo ndi siponji ya matiresi mkati, mmisiri aliyense akhoza kulikhoma m'masiku awiri. Mtengo wake sungafike n'komwe pa mtengo wa sipika imodzi. Oimba a m'mayiko ena amayenda ndi zida zawo m'mabokosi otere chaka chonse. Ife timadikira mzungu adzatiphunzitse pa semina.

Ndipo mzungu sakufunika, poti makolo athu amadziwa kale. Pitani kumene kukuchitika gule, mukaone mmene mbalule ndi mpanje zimayendera kuchoka mudzi wina kupita mudzi wina. Ng'oma sapatsa mwana aliyense. Saisiya pamvula, saikhalira, saiponya. Amene wainyamula amadziwika, ndipo chikopa chikang'ambika m'manja mwake amayankha pamaso pa akuluakulu. Ng'omayo ndi ya mtengo ndi chikopa za m'mudzi momwemo, yoti ikhoza kusemedwa ina. Nanga bwanji chida chogula ndi ndalama zakunja, chimene zipangizo zake sizipezeka ngakhale ku Lilongwe nthawi zina, tikuchitenga ngati chilibe mwini?

Wina anena kuti munthu wamba sangalimbane ndi eni magalimoto. Mu 2008 woimba wa ku Canada, Dave Carroll, anakwera ndege ya United Airlines, ndipo pa bwalo la ndege la ku Chicago onyamula katundu anaoneka akuponya magitala. Gitala yake ya Taylor, ya ndalama pafupifupi madola 3,500, inathyoka. Kampaniyo inamuzunguza miyezi yambiri n'kukana kulipira. Mu 2009 iye anapeka nyimbo yonena za nkhaniyo n'kuiika pa YouTube. M'masiku ochepa anthu mamiliyoni anali ataionera, ndipo kampani ija inamufunafuna yokha kuti akambirane. Sindikunena kuti kwaya iliyonse ipeke nyimbo yonyoza dalaivala, ngakhale kuti ena akuyeneradi kuimbidwa. Ndikunena kuti wonyamula katundu amaopa chinthu chimodzi, kutaya makasitomala. Matchalitchi, masukulu ndi anyamata a disko a dera lino atagwirizana kuti galimoto yakutiyakuti inaswa zida n'kukana kulipira, ndiye isapatsidwenso hayala ya ukwati, ya maliro kapena ya msonkhano, mwini wake angabwere yekha chipewa chili m'manja.

Malamulo nawo alipo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a anthu amene alipira katundu kapena ntchito n'kuchitiridwa zachinyengo. Mabwalo a majisitireti alipo, bwalo la amfumu lilipo. Koma kulikonse kumene mungapite, funso loyamba lidzakhala limodzi: umboni uli kuti? Apa ndi pamene timagwera, chifukwa timachita manyazi kupempha risiti. Timaona ngati kuuza munthu kuti asaine n'kumutenga ngati wakuba, makamaka akakhala wa mpingo wathu womwe. Manyazi amenewa ndi amene akutidyera ndalama. Abusa ndi abambo mfumu, inunso lekani kuthamangira mawu akuti tikhululukirane nkhani isanazengedwe. Munthu akhululukidwe, koma sipika alipire.

Tsono pulikani, inu apampando a makwaya, asungichuma ndi eni madisko. Musatuluke m'sitolo chida chisanayatsidwe pamaso panu, kiyi iliyonse ndi kabowo kalikonse ka mikisa kayesedwe, wina akujambula pafoni. Risiti ikhale ndi nambala ya chidacho. Pokweza, lembani pa pepala la m'kope zimene mwakweza, nambala ya galimoto, dzina la dalaivala ndi ndalama imene walandira, ndipo asaine. Akakana, mulekeni apite, ikubwera ina. Wachibale wa ku Joni achitenso chimodzimodzi ndi thiransipota wake, ndipo theka la ndalama lilipiridwe katundu akafika n'kuyesedwa. Mmodzi wa inu akwere pamodzi ndi zidazo, kiyibodi ili pamiyendo ngati kuli kofunika.

Ndipo inu akhristu amene mumasonkha, Lamulungu likubwerali akalengeza pepa sande yokonzetsera zida, musathamangire kumasula mfundo ya pachitenje. Imikani dzanja mufunse kuti ananyamula ndani, anasaina pati, ndipo walipira zingati. Akapanda kuyankha, ndalama yanu ibwerere nanu kunyumba.