MBALE ZAKALE ZA NYIMBO SI ZOTAYA KUDZALA AI

M'komboni ya Kwacha mu mzinda wa Kitwe, monganso m'makomboni ena a ku Migodi, mabanja ambiri masiku ano ali kusintha zoyimbira za m'nyumba. Munthu akalandira malipiro amapita ku masitolo a m'tauni kapena ku msika wa Chisokone, nakagula wailesi yatsopano ya masipika akulu-akulu imene imatenga nyimbo pa foni popanda nthambo. Pamenepa palibe colakwa, pakuti wogwira nchito ayenera kukondwera ndi thukuta lake. Koma pamene wailesi yakale ya atate, ija ankaicha rediyogiramu, itulutsidwa pakhonde kuti ipatse malo yatsopanoyo, m'kabati mwake mumapezeka mulu wa mbale zakuda za nyimbo zimene zakhala zaka makumi anai osazikhudza munthu. Zimene zimacitikira mbalezi ndizo zodetsa nkhawa. Zina ana amaseweretsa monga mawilo a galimoto, zina zimatayidwa kudzala, ndipo zina zimagulitsidwa mulu wonse pa mtengo wa botolo limodzi la saladi.

Nkhani imeneyi ikhudzanso anthu a kumidzi ya cigawo ca Kum'mawa. Amuna ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi anagwira nchito ku Kitwe, Ndola ndi Luanshya, ndipo popuma nchito anakwera basi ya UBZ ndi matrangi ao kubwerera kwao. M'matrangi amenewo, pansi pa suti ndi mabulangete, munalinso mbale. Kufikira lero zilipo m'nyumba zambiri, zina pamwamba pa kabati, zina kunsi kwa bedi, ndipo adzukulu sadziwa cimene ciri m'menemo.

Ciri m'menemo ndi mbiri ya dziko lino. Dziko litalandira ufulu mu 1964, anyamata a ku Migodi anayamba kuyimba ndi magitala a magetsi, nasakaniza mayimbidwe a kunja ndi a makolo ao. Nyimbo zimenezi ndizo zichedwa Zamrock. Ku Kitwe kunabadwa gulu la WITCH, limene mtsogoleri wake pa kuyimba ndi Bambo Emmanuel "Jagari" Chanda, ndi gulu la Amanaz, limene mu 1975 linatulutsa cimbale cochedwa Africa. Ku Chingola kunali Keith Mlevhu, ndipo ku Lusaka Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family anali kuyimba m'Cinyanja ca m'tauni za mabvuto a anthu wamba. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupi-fupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi ya dziko zikhale za ana a Zambia. Lamulo limeneli linatsegula msika. Ku Ndola kampani ya Teal inali kuumba mbale, ndipo Zambia Music Parlour ya Bambo Edward Khuzwayo inali kutulutsa nyimbo za magulu ambiri. Pambuyo pake kunabwera kalindula, ndi oyimba monga P.K. Chishala, Masasu Band ndi Serenje Kalindula.

Nyengo yokomayo sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama zinayamba kusowa m'matumba a anthu, makaseti analanda malo a mbale, ndipo matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mwa anthu asanu amene anachukitsa WITCH pa ciyambi, wotsala ndi Bambo Chanda okha. Oyimba ocepa okha ndiwo anasunga matepi oyamba a nyimbo zao. Ici citanthauza kuti pa nyimbo zina, maka-maka za timagulu ting'ono-ting'ono timene tinatulutsa kambale kamodzi kapena tiwiri, mbale imene iri m'trangi la agogo ingathe kukhala imodzi mwa zocepa zimene zatsala. Ikasweka imeneyo, mau a woyimbayo apita naye kumanda.

Cocititsa manyazi ndi cakuti alendo ndiwo anayamba kuona mtengo wa cuma cimeneci. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles m'dziko la America inatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu osiyana-siyana m'zimbale zochedwa Welcome to Zamrock! Bambo Chanda, amene anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze cakudya, anabwereranso pa nsanja nayimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gulu lao linatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango. Mu 2024 woyimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family naciika m'nyimbo yake yochedwa Noid, imene inamveka pa dziko lonse lapansi. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, koma mau ake anaoloka nyanja patapita zaka 35. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Nanga mwana wa Zambia angataye bwanji cimene anthu a kutali acifuna-funa ndi ndalama m'manja?

Ena adzanena kuti mbale sizidyedwa, kuti coyimbira cake cinafa kale, ndi kuti banja losowa ndalama za feteleza kapena za sukulu liyenera kugulitsa cimene lingathe. Mau amenewa ndi omveka, ndipo palibe amene angaletse munthu kugulitsa katundu wake. Koma wogulitsa ng'ombe amayamba wafunsa mtengo kwa anthu angapo. Mbale zina zoyambirira za Zamrock zimagulidwa kunja pa madola mazana-mazana, ndipo wogula amene afika pakhomo nanena kuti angotenga mulu wonse amadziwa bwino cimene ali kufuna. Mwini mbale ayambe walemba dzina la woyimba ndi la nyimbo iriyonse, apemphe mwana wodziwa intaneti kuti afufuze mtengo wake, ndipo asalole mbale kucoka panyumba nyimbo zake zisanajambulidwe pa kompyuta kuti banja litsale nazo. Kujambula kumeneku kukhale kosungira banja, osati kocitira malonda, cifukwa nyimbo ziri ndi eni ake, ndipo ana amasiye a oyimbawo ayenera kudya za makolo ao.

Kusunga mbale sikulira ndalama. Ziimikidwe ciriri monga mabuku, osazisanjikiza, pakuti kulemera kumazipinda. Zikhale kutali ndi dzuwa, moto wa mbaula ndi denga la malata lotentha. Fumbi licotsedwe ndi kansalu kofewa konyowetsa ndi madzi oyera, motsata mizere yake, osati ndi palafini. Zikwama zake zapepala zitetezedwe ku ciswe ndi mphemvu, cifukwa pamenepo ndipo panalembedwa maina a oyimba ndi caka. Mbale zolemera za galamafoni yopukusa ndi dzanja, za liwiro la 78, monga za m'masiku a Alick Nkhata, zimasweka ngati mbale zadothi. Singano yacitsulo ya galamafoni yotero isaikidwe pa mbale zopepuka za 45 kapena za 33, pakuti imazilima monga khasu.

Wogula zoyimbira zatsopano angathenso kuganizira mbale zake. Coyimbira mbale cingalumikizidwe ku masipika atsopano, koma popeza mphamvu yocokera ku singano ndi yocepa kwambiri, pafunika malo olembedwa Phono kumbuyo kwa wailesi, kapena kabokosi kakang'ono kokuza mphamvuyo. Kawiri-kawiri coyimbira cakale cimangofuna singano ndi kalamba katsopano, ndipo amisiri okonza mawailesi angayese kucidzutsa cisanaweruzidwe kuti cafa.

Boma nalo liri ndi mbali yake. Nyumba yosungira zakale ya National Archives ku Lusaka, Copperbelt Museum ku Ndola ndi wailesi ya ZNBC ziyenera kugwirizana ndi mafumu, aphunzitsi ndi makhansala kuti mbale za m'midzi ndi m'makomboni zilembedwe m'kaundula, zijambulidwe bwino, ndi kubwezedwa kwa eni ake. Nchito imeneyi ifunika kufulumira pamene akulu-akulu amene anabvina nyimbozi akali ndi moyo, pakuti iwo ndiwo angauze adzukulu amene anayimba, kumene anayimbira ndi cimene anali kudandaula. Banja liri lonse limene liri ndi trangi la agogo lilitsegule mwezi uno, mvula ndi ciswe zisanamalize zimene zatsala.