Kanema wotibwezera ku buku



Mukudziwa kuti sindifulumira kuyamikira za pa wailesi ya kanema. Koma lero ndikufuna kuikira kumbuyo mapologalamu ofotokoza mbiri yeniyeni ya olemba mabuku ndi okonza mafilimu. Ine ndimawakonda, ndipo ndikuona kuti timawamana ana athu chakudya chabwino tikamathamangira kusintha tchanelo mapologalamuwa akangoyamba.

Posachedwapa ndinaonera filimu ya mu 2015 yotchedwa Sembene!, yofotokoza moyo wa Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene anabadwa mu 1923 ndi kumwalira mu 2007. Bamboyu sanapite patali ndi sukulu. Ananyamula katundu padoko la Marseille ku France, ndipo ali komweko anatulutsa buku lake loyamba mu 1956. Koma mtima wake sunakhazikike, popeza ankalemba m'Chifalansa, ndipo ambiri mwa anthu a kwawo amene ankawalemberawo sankatha kuwerenga. Choncho, atayandikira zaka 40, anapita ku Moscow kukaphunzira kukonza mafilimu. Mu 1968 anatulutsa Mandabi m'chilankhulo cha kwawo cha Wolof, nkhani ya bambo amene mbale wake wa ku Paris anamutumizira ndalama kudzera ku positi, koma iye anakanika kuzilandira chifukwa analibe chiphaso. Inu amene mumadikira thandizo lochokera ku Joni, nkhaniyi simungaimve ngati yachilendo.

Mwana amene amangoona buku litasindikizidwa kale amayesa kuti olemba ndi anthu obadwa mosiyana ndi ife. Akaona kuti wonyamula katundu padoko analemba, nakayambanso kuphunzira ntchito ina atakula kale, mwanayo amasiya kudziderera.

Ena mudzati mapologalamu otere ndi ochedwa, alibe chikoka. Zoonadi, sathamanga. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako ndi phunziro limene m'badwo wa mafoni ukulisowa. Vuto limene ndikulivomereza ndi lina: munthu akhoza kuonera ola limodzi lokha, n'kumayankhula ngati wawerenga mabuku onse a wolembayo. Kumeneko n'kukhuta fungo la ndiwo. Pologalamu yabwino imakusiyani ndi njala, mpaka mutapita kukalifuna bukulo.

Njala imeneyi inandikumbutsa za kwathu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo m'chilankhulo chathu, buku limene linasindikizidwa mu 1933, ndipo pambuyo pake analembanso Mbiri ya Achewa. Funsani ana anu usiku uno ngati dzina limeneli analimvapo. Akagwedeza mutu kukana, musawakalipire, pakuti mlanduwo ndi wathu makolo, amene sitinawauze.

Pempho langa ndi ili. Sabata ino patulani madzulo amodzi, muonere pamodzi ndi banja lonse pologalamu yonena za wolemba kapena wokonza mafilimu. Ikatha muzimitse kanemayo, mufunse mwana aliyense chimene watolapo. Kenako mukabwereke buku, ngakhale lothothoka chikuto, ndipo wina aziwerenga mokweza kuti agogo nawonso amve.

Tsalani mumtendere.