Mukamajambula manganje, tsitsaniko foni ione mapazi

Amene adayendapo pamsewu wochoka ku Liwonde kupita ku Ntaja nyengo yomwe anamwali amatuluka kusimba akudziwa zomwe zimachitika. Minibasi imaima, koma palibe wapolisi wayiimitsa. Ndi manganje. Msewu wadzaza, ng'oma zikulira, fumbi lili koboo, ndipo pawindo lililonse patulukira foni. Masekondi 20 akwana, kavidiyo kapita pa WhatsApp, ulendo upitirire.

Inenso ndidachitapo zomwezo. Nditafika kumudzi ndidaonetsa agogo anga aamuna kavidiyo kanga, ndikudzimva kuti ndajambula zooneka. Iwo adaimbapo ng'oma paunyamata wawo. Adakayang'ana kawiri, kenako adandifunsa kuti mapazi a anthuwo ali kuti, nanga oimba ng'oma ndawasiya kuti. Ine ndidajambula nkhope, zitenje ndi ziuno basi. Kwa iwo, gule sindidamujambule n'komwe.

Funso lawolo ndi lomwe landichititsa kulemba lero. Nyimbo za kwathu kuno zimakhala m'thupi la wovina, ndipo munthu wozidziwa bwino kuposa tonse ndi amene amavina ndi kuimba ng'omayo. Ngati tikufuna kuti magule a ku Machinga ndi Balaka asathere m'manda limodzi ndi eni ake, tiyambe kuwatenga anthu amenewa ngati akatswiri a kafukufuku. Pakadali pano timawakumbuka pokhapokha kukabwera nduna.

Taonani sikiri, amene Asilamu ambiri a Chiyao amachita. Dzinali lidachokera ku liwu la Chiarabu lakuti dhikr, kutanthauza kukumbukira Mulungu. Mulibe gitala, mulibe kiyibodi. Anthu amapanga bwalo, ndipo chomwe chimagwira nyimbo ndi mpweya wotuluka m'chifuwa mwakamodzinkamodzi, pamodzi ndi kuwerama ndi kudzuka kwa thupi. Thupi likaima, nyimbo yathera pomwepo. Ngoma ya Angoni a ku Balaka ndi Ntcheu nayo n'chimodzimodzi: phazi likamenya pansi, manjerenjeza a m'miyendo n'kulira, ndiye kuti chida choimbira chalira. Pagule wamkulu, woimba mbalule maso ake amakhala pamiyendo ya chilombo, ng'oma ndi mwendo zikuyankhana. Ndiye tandiuzani, nyimbo yotereyi mungayisunge bwanji ndi mawu okha, kapena ndi kavidiyo koonetsa nkhope?

Ena adaizindikira kale nkhaniyi. Mu 1962, Gerhard Kubik wa ku Austria adajambula oimba mangwilo, chida chokhala ngati valimba, kumpoto kwa Mozambique, kutsidya kwa malire athuwa. Oimbawo ankathamanga kwambiri moti khutu lokha silikadatha kusiyanitsa kuti wamenya apa ndani. Iye adatenga filimuyo n'kumaiona chithunzi chimodzichimodzi, kutsatira dzanja lililonse kuti lagwera pati. Nyimbo adaipeza poyang'ana manja.

Koma chondisangalatsa kwambiri ndi chomwe chidachitika pambuyo pake. Mu 1967 Kubik adakumana ndi anyamata awiri apachibale a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba kwela. Donald sadangokhala munthu wojambulidwa ayi. Adayamba kuyenda ndi Kubik, kujambula oimba anzake, ndipo Kubik naye adalowa m'bandi ya Donald n'kumaimba nawo. Buku la 1987 lofotokoza nyimbo za Malawi, lomwe lidatuluka ku University of Malawi ku Zomba, lili ndi maina a Donald Kachamba, Moya Malamusi ndi Lidiya Malamusi pambali pa dzina la Kubik. Mu 1999 Donald adakaphunzitsa ophunzira a payunivesite ya UCLA ku America, asadamwalire mu 2001. Mnyamata woimba chitoliro m'misewu ya Blantyre adakaima kutsogolo kwa kalasi. Zotere zidatheka kale m'dziko lomwe lino.

Nanga bwanji sitikuona woimba ng'oma za manganje wa ku Nsanama kapena mtsogoleri wa beni wa ku Nselema ataima kutsogolo kwa kalasi ku Zomba? Kuchoka ku Liwonde kufika ku Zomba ndi ulendo wa ola limodzi. University of Malawi ili ndi gawo lophunzitsa zaluso, ndipo MUST ku Thyolo imaphunzitsa za nyimbo za mu Africa. Ophunzira amapita kumidzi, amafunsa mafunso, amalemba, amatenga digiri. Wofunsidwa uja amatsala ndi botolo la Fanta ndi mawu akuti zikomo agogo. Tinene zoona, apa pali kukondera.

Ndipo zomwe anthuwa akusunga si zocheza. Tengani beni. Wachinyamata akaona akuluakulu atavala makhaki, zipewa ndi mamendulo, akuguba motsatira wezulo, amaseka n'kumati ndi sewero. Komatu m'guleyu muli mbiri yomwe ambirife sitidaimve bwino kusukulu. Beni adayambira m'matauni a Chiswahili a m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890, ndipo dzinalo lidachokera ku mabandi a asirikali achizungu. Adafalikira kwambiri nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, pomwe amuna ambiri a kuno adatengedwa kukakhala asirikali a King's African Rifles, ena amtengatenga. Atabwerako, perete uja adamusandutsa gule, maudindo a usirikali n'kugawana okha. Terence Ranger adalemba buku lathunthu la beni mu 1975. Bukulo lili m'malaibulale, koma kagubidwe kake, kakhotedwe ka mzere ndi chizindikiro chomwe mtsogoleri amapereka kuti ng'oma isinthe, zili m'miyendo ya anthu amene akukalamba. Mmodzi akamwalira osasiyira wina, palibe buku lingabweze zimenezo.

Ndikudziwa zomwe ena anene. Poyamba, akuti zakusimba n'zachinsinsi, sizijambulidwa. N'zoona, ndipo ine sindikunena kuti tilowe ndi makamera kujando kapena kunsondo. Manganje a pamsewu, beni wa pabwalo ndi ngoma ya pamwambo zimachitika poyera. Ndipo apa m'pamene mwini gule amaposa mlendo pakafukufuku, chifukwa amadziwa polekezera. Amadziwa choonetsa ndi chobisa popanda wina kumuuza.

Kachiwiri, akuti gule sadyetsa, achinyamata akufuna ntchito. Amene akutero akafunse ku Balaka. Alleluya Band itayamba mu 1978, ndani ankaganiza kuti katauni ka panjanji kaja kadzakhala likulu la nyimbo? Paul Banda adatsegula situdiyo komweko, ndipo malemu Lucius Banda, amene adatisiya mu 2024, pamodzi ndi anzake adapangitsa dziko lonse kuvina zomwe tidangozitcha kuti nyimbo za ku Balaka. Sadadikire kuti Blantyre iwavomereze. Lero oimba a m'tauni akuthamangira kaimbidwe ka manganje kuti nyimbo zawo zivinike m'maukwati ndi pa TikTok. Ndalama ikuyenda ndithu, kungoti siikufika kwa amene adasunga ng'omayo. Kumbukiraninso Giddes Chalamanda. Adaimba zaka zambirimbiri ali wosauka, ndipo dziko lidadzamutulukira pa TikTok atapitirira zaka 90. Tidikire kuti aliyense afike zaka 90?

UNESCO idalemba kale vimbuza, gule wamkulu ndi tchopa pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Tchopa adalowa mu 2014. Manganje, beni ndi sikiri palibepo. Gule salowa pamndandanda umenewu chifukwa chokoma chabe. Pamafunika umboni wolembedwa ndi wojambulidwa bwino, komanso chilolezo cha eni ake. Umboniwo ausonkhanitse ndani ngati ife tikungotola masekondi 20?

Ntchitoyi siyofuna galimoto ya bungwe. Foni yomwe mukuwerengera nkhaniyi ili ndi kamera yoposa yomwe Kubik adali nayo mu 1962. Chikusowa ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapita kumudzi tchuthi chikubwerachi, yambani mwapempha kwa eni gule ndi kwa amfumu. Imani patali pang'ono kuti thupi lonse lioneke, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Jambulani nyimbo yonse, poyambira mpaka pothera, osaidula chifukwa choopa bandulo, mudzatumiza mukapeza netiweki yabwino. Kenako tembenukirani kwa oimba ng'oma, manja awo aoneke. Gule akatha, khalani nawo pansi. Afunseni dzina la ng'oma iliyonse, amene adawaphunzitsa, ndi chomwe chimawauza kuti apa sinthani. Lembani maina awo, mudzi ndi tsiku. Mukamaponya pa intaneti, dzina lawo likhale patsogolo pa lanu, ndipo ngati papezeka kangachepe, kafike kwa iwo.

Kwa a mayunivesite, pempho langa n'losavuta. Itanani anthuwa adzaphunzitse, muwalipire monga mulipirira mphunzitsi aliyense wobwera kudzathandiza, ndipo maina awo alembedwe pachikuto cha kafukufuku. Zomwe Hugh Tracey adajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Tizipemphe, tikaziseweretse m'midzi momwe zidachokera, adzukulu amve mawu a agogo awo, atiuzenso kuti mapazi ankayenda bwanji.

Ine ndidabwereranso kwa agogo aja ndi foni yodzaza moto. Adakana kuvina, akuti mawondo adatha. Koma adakhala pampando, n'kuyamba kumenya ntchafu ndi zikhatho, phazi lakumanja likugunda pansi. Ndidajambula mphindi 14, ndipo ulendo uno mapazi akuoneka.