Lumo la Kamuzu linapita, nanga kanema wathu ali kuti?

Amalawi anzanga, amene munakhalapo m'nthawi ya chipani chimodzi mukukumbuka bwino. Lamulo la 1968 linapatsa bungwe la Censorship Board lumo, ndipo filimu iliyonse yobwera ku Apollo mu mzinda wa Blantyre inkayamba yadutsa m'manja mwawo. Mwamuna ndi mkazi akati apsompsonane, chithunzi chinkadumpha ngati chule. Wailesi yakanema sitinaione mpaka 1999. Kumudzi kunkangofika galimoto ya boma yoonetsa Ngwazi ikuyendera mbewu.

Koma panali kawindo kamodzi: French Cultural Centre ku Chichiri. Kwa zaka zoposa 30, pamalo amenewa pankaonetsedwa mafilimu opangitsa munthu kuganiza, osati a zibakera okhaokha, ndipo azisudzo ndi oimba athu ambiri anakulira pomwepo.

Tinavota pa 14 June 1993, lumo linachita dzimbiri, othawa nkhanza anabwerera kwawo. Ndiye tinachita nacho chiyani chuma chimenechi? Mu 2011 Afalansa atachoka, akuba analowa n'kusakaza malowo. Boma linawagula, n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma zaka zinadutsa akungokonzedwa mwa apo ndi apo. Chimene ulamuliro wankhanza unachisiya chamoyo, ife a demokalase tinachigoneka ndi mphwayi. Zamanyazi!

Ngati mu mzinda zili chonchi, kulili bwanji kumudzi? Kwerani minibasi pa Liwonde, mudutse Ntaja, mutsike pa Nselema. Kanema wa mwana wa kumeneko ndi chisakasa cha vidiyo, momwe amaonera akarate ndi mfuti. Chikhalirecho Shemu Joyah anajambula The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya asodzi a kunyanja kwathu konkuno. The Boy Who Harnessed the Wind, ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, inatuluka mu 2019 pa Netflix, azungu n'kumamva Chichewa ali ku London. Ndani anapita nazo ku Machinga kuti eniake adzione?

Inu aphungu, pa kampeni mumapeza galimoto ndi zimkuzamawu zofika mudzi uliwonse. Galimoto yomweyo singanyamule nsalu yoyera ndi jenereta? Kale ankatidulira zithunzi. Lero palibe amene akudula, koma palibenso amene akutionetsa. Kwa mwana wa pa Nselema kusiyana kwake n'kotani?

Wakutsina khutu ndi mnansi.