Kompyuta yakale musataye, ipangeni nkhokwe

Imwe amene mwapanikizana m'basi ya ku Kulima Tower, foni yodzala zithunzi za ukwati ndi masatifiketi ili m'thumba, ndikufunseni: ikabedwa lelo, zonsezo mudzazipeza kuti?

Msuweni wanga, mphunzitsi ku Chikwa m'boma la Chama, anachenjela. Anatenga kompyuta yakale n'kuisandutsa server, nkhokwe ya mafailo. Mapepala a mayeso akale ali mmenemo, ndipo anzake amatapa pa WiFi osagula mabandulo.

Manje inayamba kuzima yokha. Iye akuti mlandu ni wa Windows. Titafufuza tinapeza kuti batile la sola lafooka, fani nayo yatsamwa fumbi. Choncho musanakwiyile pulogalamu, yambani mwaona magetsi, fumbi, zingwe ndi hard disk.

Nanga muikemo chiyani? Ine nditi Linux. Microsoft inaleka kusamalila Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina ambili akale sakwanitsa Windows 11. Ubuntu Server ni yaulele, imayenda olo pa makina okalamba, ndipo mukaikamo Samba, makompyuta a Windows amaona mafailo bwinobwino. Zoona, kulemba malamulo pa sikilini yakuda kumaopsa poyamba. Amantha atenge OpenMediaVault, imene imayendetsedwa pa browser chabe. Kumudzi, komwe wokonza ali kutali, sankhani chimene mungathe kukonza nokha.

Koma kumbukilani kuti nkhokwe nayo imapsa. Kopelani zonse pa hard disk ina, mukaisungize kunyumba kwa m'bale.