Chimbudzi Chikatsekeka Pakhomo

Pali zinthu zina za pakhomo zimene ife, chifukwa cha ulemu umene tinayamwira, sitizitchula pamaso pa apongozi kapena pamene nsima ili pamphasa, ndipo chimbudzi ndicho choyamba mwa izo. Pakuti munthu woleredwa bwino sanena kumene ali kupita, angoti ndikadzithandize, ndipo onse amva. Ulemu umenewu ngwabwino, sindifuna kuti uthe; koma ndaona kuti m'nyumba za m'tauni, kaya ku Chilomoni, ku Area 18 kapena ku Katoto, kumene anthu ali ndi zimbudzi zogejemula, ulemuwo usanduka manyazi tsiku limene madzi akana kutsika, kotero kuti banja lathunthu litseka chitseko ndi kuyamba kupempha kwa anansi, kuyembekeza pulambala amene ndalama yomulipira sidzaoneka kufikira mwezi utatha. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ife amene tinakondwera kulowa m'nyumba ya chimbudzi chamadzi tiyenera kulolanso kudziwa mayendedwe ake.

Pansi pa mtondo wa chimbudzi pali njira yokhota, imene amisiri anaipanga dala kuti madzi pang'ono azitsalamo nthawi zonse, ndipo madzi amenewo ndiwo atchinga fungo la m'mapaipi kuti lisabwerere m'nyumba. Kupitirira pokhotapo pali paipi yaikulu, kawirikawiri ya mamilimita 110, yopita kunja. Koma pokhotapo mpopapatiza kuposa paipiyo, ndiye chifukwa chake chotseka chipezeka pomwepo nthawi zambiri, pafupi ndithu, poti dzanja lingafike. Thanki ya pamwamba isunga malita 6 kapena 9, muyeso wokwanira kukankha zochokera m'thupi la munthu pamodzi ndi tishu amene asungunuka m'madzi, osati kanthu kena. Tsono apa ndipo pagona vuto lathu: chimbudzi chokumba cha kumudzi chilandira zonse osadandaula, zitsononkho, masamba, nyuzipepala ndi nsanza, ndipo chizolowezi chimenecho tabwera nacho m'tauni, nkuwonjezapo matewera otaya a makanda, amene afufuma akamwa madzi, ndi zimene amayi avala akakhala kumwezi. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi zinthu ziipiraipira, pakuti aliyense, pofuna kusunga madzi a m'ndowa, athiramo kapu imodzi nachoka, ndipo zotsalira ziunjikana tsiku ndi tsiku.

Mukaona madzi akukwera m'malo motsika, musagejemulenso, chinkana mtima ukuuzeni kuti kachiwiri zitheka; mudzangosefukiritsa zonyansa pansi. Tsekani kampopi ka pa paipi yolowetsa madzi m'thanki, ndipo ngati kalibe, vundukulani thankiyo, mukweze mpira woyandama wa m'thankimo ndi kuumangirira. Tsegulani zenera, valani magolovesi kapena majumbo awiri osabooka, yalani nyuzipepala zakale pansi, ndipo mutunge madziwo ndi chitini kuthira m'ndowa kufikira atatsala theka. Mukatero thiranimo theka la kapu ya sopo wamadzi wotsukira mbale, kenaka ndowa ya madzi otentha, koma osati owira, pakuti dothi lowotcha limene anaumbira mtondowo ling'aluka ndi madzi owira, ndipo mtengo wa mtondo watsopano uposa kutali wa pulambala amene munali kumuthawa. Madziwo muwathire mutaimirira, kuchokera cha m'chiuno, kuti agwe ndi mphamvu. Ndiye muchoke, mukachite zina kwa mphindi 30. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati chotsekacho chinali tishu ndi zofewa, pobwera mudzapeza madzi atatsika okha.

Zikakanika, tengani mpira wopopera uja wa chigwiriro cha mtengo, umene agulitsa m'masitolo a zipangizo zomangira, ndipo nyumba iliyonse ya chimbudzi chamadzi iyenera kukhala nawo monga ikhala ndi tsache. Ambiri alephera nawo chifukwa apopa mpweya m'malo mwa madzi. Mpirawo umire wonse, ukhale wophimba bwino pakamwa pa dzenje. Kukankha koyamba kukhale kwapang'onopang'ono kuti mpweya utuluke osakuthovukirani kumaso, ndipo pambuyo pake mukankhe ndi kukoka mwamphamvu ka 15 kapena ka 20 osauzula, podziwa kuti kukoka ndiko kugwedeza chotsekacho koposa kukankha. Amene alibe mpirawo avike mopu m'jumbo, aimange zolimba pa mtengo wake, napope nayo momwemo. Mudzadziwa kuti mwapambana pamene madzi onse atsika kamodzi ndi mkokomo, ndipo muyese ndi ndowa imodzi musanatsegule kampopi kaja. Koma ngati mudziwa kuti mwana waponyamo chidole kapena thewera, musachikankhire mkati, kumene chikatsekere patali; pisani dzanja lovala bwino, kapena waya wopinda nsonga, muchikokere kunja.

Pa za mankhwala ndichenjeze ndi mtima wonse. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, monga Harpic, pakuti zikakumana zitulutsa mpweya wa chlorine umene uwotcha mapapo, makamaka m'kachipinda kakang'ono. Caustic soda nayenso awotcha khungu ndi kuchititsa khungu akagwera m'maso, komanso sasungunula thewera kapena chidole. Angosandutsa madzi oimawo chinthu choopsa kwa amene adzapisemo dzanja pambuyo pake.

Nzeru ina ndiyo kudziwa polekera. Zonsezi zikalephera, tulukani kuseri kwa nyumba, muvundukule chivundikiro cha simenti cha pa manhole. Mukapeza mouma, chotseka chili pakati pa pamenepo ndi chimbudzi, ndipo waya wautali kapena paipi yothirira maluwa ingathandize. Koma mukapeza modzaza, kapena ngati madzi a m'bafa ndi a m'sinki nawonso akubwerera, dziwani kuti vuto lili patsogolo: mwina mizu ya mtengo yalowa m'paipi, mwina dzenje la septic tank ladzaza ndipo lifuna galimoto yopopa. Pamenepo itanani mmisiri, mumlipire mosanyinyirika, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi muuzeni mwini wake tsiku lomwelo. Munthu asalowe m'dzenjemo ngakhale pang'ono, pakuti mpweya wa mmenemo ukomola ndi kupha munthu asanafuule nkomwe.

Chimene chindiwawa ine koposa ndicho kuona bambo wamphamvu zake akutuma kamwana kapena mtsikana wantchito, wopanda magolovesi, kukagwira ntchito imene iye aiyesa yonyazitsa. Ngati Mose, m'chaputala 23 cha Deuteronomo, sanachite manyazi kulamula ankhondo a Israyeli za malo odzithandizira kunja kwa misasa ndi za chokumbira chofotsera, ndani mwini khomo amene anganene kuti nkhaniyi yamchepera? Sitinaiwale kolera amene anabuka m'mwezi wa Marichi 2022 natenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo njira yake ndi yomweyi, ya zonyansa zofika m'manja ndi m'madzi akumwa. Chifukwa chake mukatsiriza, tsukani pansi ndi zipangizo zonse ndi Jik wosungunula m'madzi, majumbo aja muwataye kudzala, ndipo musambe m'manja ndi sopo kufikira m'zigongono.

Ndikupemphani, eni makomo, kuti sabata ino muike kachidebe kovundikira kotayamo zinyalala pambali pa mtondo, ndi ndowa yodzaza madzi pakhomo pa chimbudzi; ndipo alendo akabwera kuchokera kumudzi, mayi atengere pambali amayi anzake, bambo abambo anzake, muwauze mwaulemu zoyenera kuponyamo ndi zosayenera.