Kuyamba ntchito ya makompyuta monga wophunzira pa kampani: zimene makolo ndi achinyamata ayenera kuonetsetsa

Chaka chilichonse sukulu za ukachenjede monga MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, Mzuni ku Mzuzu ndi UNIMA ku Zomba zimatulutsa achinyamata a luso la makompyuta. Ambiri mwa iwo adaphunzira ndi ndalama za fodya, soya, mtedza ndi za m'maokala. Koma akayamba kufuna ntchito amapeza kuti mabwana ambiri akufuna munthu amene wagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Nanga womaliza kumene sukulu zakazo azitenga kuti?

Apa ndi pamene ndondomeko yolemba achinyamata monga ophunzira ntchito yakula mphamvu, makamaka m'mabanki ndi m'makampani a lamya za m'manja. Si chifundo chokha chimene chikuchititsa makampaniwa kutero. Mlimi akalandira ndalama za mbewu zake pa Mpamba kapena Airtel Money, kapena wamalonda akakankha ndalama kuchoka kubanki kupita pafoni, kuseri kumakhala makina ofuna kuwayang'anira usana ndi usiku. Kuwonjezera apo, lamulo la 2016 lokhudza malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta, komanso la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lasenzetsa makampani udindo waukulu. Makina a kampani iliyonse ali ndi kayendetsedwe kake kamene sikaphunzitsidwa m'kalasi, choncho kampani imaona chanzeru kusula yokha anthu ake.

Pamene ndondomekoyi ikuyenda bwino, wophunzira amazungulira m'nthambi zosiyanasiyana: miyezi ingapo pothandiza antchito amene makompyuta awo avuta, kenaka ku netiweki, kosunga mbiri ya makasitomala, mpaka kotchinjiriza akuba a pa intaneti. Amapatsidwa katswiri womutsogolera, ndipo ntchito yake imaunikidwa nthawi ndi nthawi. Pamene yasokonekera, mwana wa digiri amatha chaka chathunthu akunyamula mawaya ndi kusintha inki m'makina osindikizira, dzina lakuti "wophunzira" litasanduka njira yopezera wantchito wotsika mtengo. Kwa ife, muyeso wake ndi umodzi: pakutha pa nthawiyo, kodi mwanayo angathe kuchita chiyani chimene sankatha pobwera? Ofesi yokongola yokhala ndi mpweya wozizira siyankha funso limeneli.

N'chifukwa chake kalata ya ntchito ili yofunika kuposa malonjezo apakamwa. Lamulo la ntchito la 2000 limalamula bwana kupatsa wantchito mfundo za ntchito yake zolembedwa, ndipo limati nthawi yoyesedwa kwa munthu waluso isapitirire miyezi 12. Musanasaine, funsani ngati mukulembedwa ntchito kapena mwangolandiridwa kudzaphunzira, pakuti nkhani ya penshoni ndi tchuthi imatsamira pamenepo. Funsaninso kutalika kwa ndondomekoyo, ndalama ya pamwezi, ndi chimene chidzachitike ikadzatha. Makalata ena amamanga wophunzira kuti asachoke kwa zaka zingapo, apo ayi abweze ndalama za maphunziro. Mfundo imeneyi si yoipa payokha, koma iwerengedwe mofatsa, ngakhale kawiri.

Inu makolo, malipiro a wophunzira amakhala ochepa, pamene nyumba za lendi ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimadula. Mwina feteleza wa chaka choyamba sadzachokera kwa iye. Kumuumiriza kusiya ndondomeko yabwino n'kuthamangira ganyu wolipira msanga kungamutayitse mwayi umene sabwera kawiri.

Pomwe pali njala ya ntchito sipasowa atsizinamtole. Mauthenga amayenda pa WhatsApp ndi Facebook okhala ndi chizindikiro cha kampani yodziwika, n'kumauza wofunsira kuti atumize ndalama ya fomu, ya mayeso kapena ya kuchipatala ku nambala ya munthu. Kampani yoona siyigulitsa mwayi wa ntchito. Tsimikizani chilengezo chilichonse m'nyuzipepala, patsamba lenileni la kampaniyo, kapena pofika nokha ku ofesi yake. Wina akakupemphani ndalama, sungani uthengawo ndi nambala yake n'kukanena kupolisi. Madandaulo okhudza kalata ya ntchito kapena malipiro apite ku ofesi yoona za apantchito ya m'boma lanu.